Mchere, Makala ndi Bulangete la ku Joni

Nkhani iyi yakambidwa kale ndi anthu ambiri, ndipo ambiri mwa iwo aikamba mokhota. Kumsika wa pa boma amati ine ndinaitana sing'anga kuti adzatsirike nyumba yanga ndi mchere ndi makala, poopa kuti adani angalodze kompyuta ya mwana wanga. Anyamata a kabaza amene amaima chakumlatho amati ndinapezeka nditamangidwa chingwe pamkono ngati mbuzi yopita kukagulitsidwa. Ngakhale mnzanga wina amene ndinaphunzitsa naye zaka zambiri, munthu woti akanayenera kufunsa asanalankhule, amauza anthu kuti tinakwirira thumba lathunthu la mchere. Sing'anga sanapondepo pakhomo panga. Amene anamangidwa pamkono sindine. Mchere unali mapaketi awiri. Popeza ndinalipo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndaona kuti ndi bwino ndilembe zimene zinachitikadi, m'ndondomeko yake.

Ndinabwera ku Mangochi ndili mnyamata, boma litanditumiza kuchokera kwathu ku Ntcheu kuti ndidzaphunzitse Chichewa. Ndinkaganiza kuti ndikhala zaka ziwiri zokha, kenaka ndipempha kubwerera kumapiri kozizira. Koma ndinakwatira mkazi wa ku Namwera, wodziwa kusoka pa makina, ndinamanga nyumba, ndipo pamene ndinkapuma ntchito ndinapeza kuti kwathu ndi kuno. Tili ndi ana awiri. Wachisamba, wamwamuna, ali ku Joni monga anzake ambiri a m'boma lino. Mzime, wamkazi, anaphunzira za makompyuta ku koleji ina ya mumzinda, nabwerera kunyumba ndi satifiketi yokongola imene inakhala pakhoma zaka zitatu osabala ntchito.

Mlongo wake uja, poona kuti zaka zikupita, anampezera malo m'sitolo ina ku Joni komweko. Mwanayo sanafune kupita, ndipo ife makolo ake sitinafune n'komwe. Mwana mmodzi wakutali ngwokwanira. Iye anali ndi maganizo ake: kutsegula kachipinda pa boma kolemberamo anthu makalata ndi kusindikiza mapepala. Atakambirana pa foni masabata angapo anagwirizana motere. Mlongo wakeyo atumiza zipangizo za kompyuta, osati kompyuta yolumikizidwa kale, chifukwa zipangizo pazokha zinali zotchipirako ndiponso zosavuta kunyamula, ndipo mwanayo azilumikiza yekha. Ikayaka, akhala. Ikapanda kuyaka, kulibe zina zotumiza, ndipo akwera galimoto yomweyo yobweretsa katunduyo ikamabwerera kumapeto kwa mwezi. Mpando wake unali utasungidwa kale.

Katunduyo anafika m'mwezi wa Ogasiti, nyengo imene mphepo ya mwera imaomba, khungu limatuwa ndipo milomo imang'ambika ndi kuuma. Tsiku limenelo mwanayo anali atapita kukaona chipinda chimene ankafuna kugwiriramo ntchito, choncho katoniyo tinailandira awiri, ine ndi amayi ake. Pamwamba penipeni panali bulangete latsopano, lofewa, la maluwa ofiira, la mtundu uja umene aliyense wochokera ku Joni amabwera nawo. Inali mphatso ya amayi ake, komanso ndilo linkateteza zipangizozo kuti zisagundane panjira. Pansi pake panali bokosi lachitsulo lopanda kanthu m'kati, timabokosi tingapo, ndi kabuku ka malangizo.

Ine ndinatenga kabukuko n'kukhala nako pampando pakhomo pa chipinda, chifukwa sindikhudza chinthu ndisanawerenge za icho. Akazi anga ndi munthu wa manja. Kwawo anakula ndi mwambo woti mlendo sakhazikidwa padothi, ndipo chinthu cha mtengo wapatali sichiikidwa pathabwa louma. Anayala bulangete lija pabedi, naliwongola ndi zikhatho kangapo konse. Kenaka anayamba kutulutsa zipangizo m'timatumba take totuwa, tonyezimira ngati usipa wongovuulidwa kumene, n'kumaziyala pabulangetepo mwa dongosolo, zazikulu kumutu, zazing'ono kumiyendo. Pamene anaona kafumbi anapukuta ndi ngodya ya bulangete lomwelo. Timatumbato anatipinda bwinobwino, akuti tidzathandiza kusungiramo mabatani.

Ndiyenera kunena apa, chifukwa okamba nkhaniyi amadumphapo, kuti ine ndinaona zonsezi ndipo ndinayamikira. Ndinati, "Mwayala bwino, amayi. Ngati m'sitolo." Ndinali pa tsamba lachiwiri la kabuku kaja. Chenjezo linali pa tsamba lachitatu.

Mwanayo analowa ndikutsegula tsamba limenelo. Chikwama chake chinagwa pansi.

"Amama! Chotsani manja. Musakhudzenso chilichonse, chonde."

"Iii, ndalakwanji? Ndangoziyala kuti zipume. Zayenda ulendo wautali."

"Mwazitulutsa m'matumba mwake! Ndiye pabulangete!"

"Ukanakonda ndiziike pasimenti ngati mbatata?"

"Pasimenti pakanakhala bwino kuposa apa, amama."

Anasolola bolopeni m'thumba la malaya anga, naikhula pabulangete, naisendeza pafupi ndi tizidutswa ta pepala timene anang'amba pakatoni. Tizidutswato tinadumpha tokha n'kukakamira kubolopeniyo. Ndinakumbukira kuti mphunzitsi wa sayansi kusukulu kwathu ankaonetsa ana zomwezo, ine n'kumaziyesa masewera ongotaya nthawi.

"Amenewa ndi magetsi," anatero. "Si a pa waya ayi. Amabadwa zinthu zikamakhulana, makamaka nsalu zoterera ngati iyi, ndiponso kunja kukauma chonchi. Amaunjikana m'thupi mwanu inu osadziwa. Mukakhudza chitsulo amadumpha."

"Kuthetheka kuja juzi yanga imachita ndikamavula?" anafunsa amayi ake.

"Komweko."

"Koma kuja sikupweteka munthu."

"Munthu ayi. Koma muno," analoza bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, "muli tinjira toonda kuposa tsitsi. Kamoto koti inu simungakamve n'komwe kamatha kutiotcha. Ntchito ya matumba aja n'kutchinga zimenezo."

"Nanga zapsa?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa, ababa. Sizioneka ndi maso. Tidzadziwa tsiku loyatsa."

Akazi anga anakatenga timatumba tija pamene anatiika, natipereka ndi manja awiri. Mwanayo anayamba wagwira chitsulo cha pawindo, kenaka n'kumanyamula chipangizo chilichonse m'mphepete mwake, monga momwe timanyamulira chithunzi kuti tisachidetse, n'kuchibwezera m'thumba mwake.

Ine ndinkafuna kuti tilumikize tsiku lomwelo, tidziwe zoona, mtima ukhale pansi. Iye anakana. Anatulutsa m'katoni kachibangili ka nsalu yotamuka kokhala ndi kachitsulo kokhudza khungu, ndi chingwe chopota chothera pa kapani kamano. Anafotokoza kuti munthu amavala kameneka pamkono, n'kupanikiza kapaniko pachitsulo cha bokosi la kompyuta, kuti magetsi obisala aja asaunjikane m'thupi koma aziyenderera pang'onopang'ono kupita kubokosi, ndipo kuchokera kubokosi atsikire kunthaka kudzera pa waya wachitatu wa m'soketi, umene amisiri amautcha ethi.

"Koma nyumba yathu ino ethi yake sikugwira ntchito," anatero. "Ngakhale titalumikiza bwino, sindingayatse kompyuta muno."

"Ukudziwa bwanji?"

"Firiji imaluma, ababa."

Apa sindikanatsutsa. Kwa zaka zambiri firiji yathu inkanyerenyetsa dzanja la aliyense woigwira opanda nsapato. Tinali titazolowera. Pambali pake pankakhala patapata wachikale, ntchito yake imeneyo basi, ndipo alendo tinkawachenjeza za firijiyo monga momwe anthu amachenjezera za galu. Sindinaganizepo kuti limenelo ndi vuto loti munthu angalikonze. Ndinkangoti ndi khalidwe la firiji.

Lachisanu m'mawa ndinaitana fundi wa magetsi wa m'dera lathu, bambo wa msinkhu wanga, Myao wa ndevu zoyera amene sachotsa kofiya kumutu. Takhala tikusekana zaka zambiri, iye ndi ine, ndipo amanditcha mwalimu, kutanthauza mphunzitsi. Anafika panjinga, chikwama cha zida chitamangidwa kumbuyo.

"Mwalimu, ndiuzeni msanga. Dzuwa likafika pamutu ndikufuna ndikhale kumzikiti."

"Akuti nyumba yanga ilibe ethi, a fundi."

"Akuti ndani?"

"Mwana wanga."

"Ndiye ilibe. Mukanati mwanena ndinu ndikanakayika. Angoni mumadziwa nyama ndi mowa, za waya zisiyeni."

Anatsegula soketi imodzi, napeza waya wobiriwira wa mizere yachikasu ali m'malo mwake. Anayeza ndi mita yake, napukusa mutu. Anautsata wayayo kuchokera pabokosi lalikulu la magetsi mpaka kunja, kumbali ya nyumba kumene kuli mchenga wokhawokha, nafukula ndi manja. Chimene anatulutsa chinali kachitsulo kotalika ngati chala, kodyeka ndi dzimbiri, ndipo wayayo anali ataduka n'kugona payekha mumchenga wouma.

"Onani, mwalimu. Nyumba yanu ilibe mizu. Magetsi osokera akafuna njira yopita pansi saipeza, ndiye amadikira phazi la akazi anu."

Anati mchenga wouma sulandira magetsi, ndipo anazungulira nyumba kufunafuna malo a chinyontho. Anawapeza kuseri kwa bafa, pamene madzi osamba amathera, pali nthochi zimene zimabiriwira chaka chonse. Anandituma pa kabaza kukagula chitsulo chokutidwa ndi mkuwa, chotalika pafupifupi ngati munthu, ndi waya watsopano wochindikala, iye n'kutsala akukumba. Nditabwerera anachikhomera pansi mpaka chinangotsala mutu, namangapo wayayo ndi kapani kolimba. Kenaka anapempha makala ndi mchere. Makalawo anawaphwanya, nawathira m'dzenjemo mosinthanasinthana ndi mchere ndi dothi, n'kuthirapo ndowa ziwiri za madzi.

"Makala amasunga chinyontho, mchere umathandiza nthaka kulandira," anatero. "Koma mcherewo umadyanso chitsulo. Chaka chilichonse muzindiitana ndidzaone. Musadikire firiji ikukumbutseni."

Apa ndi pamene panabadwira bodza loyamba lija. Mayi wina woyandikana nafe anasuzumira pampanda, naona bambo wa kofiya atagwada kuseri kwa nyumba, akuthira mchere ndi makala m'dzenje, milomo ikugwedera. Milomoyo inkagwedera chifukwa fundiyo amadziyankhula yekha akamagwira ntchito, ndipo nthawi imeneyo ankadandaula za bondo lake. Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kumsika.

Atalumikiza zonse anayezanso masoketi onse, nayezanso firiji, naona kuti ilibe vuto lina. Kenaka anavula nsapato, naigwira ndi chikhatho chonse.

"Yasiya ukali. Bwerani, mayi, muipatse moni."

Akazi anga anaikhudza ndi chala chimodzi, kenaka ndi dzanja lonse, koma sanaseke. Kuyambira tsiku la bulangete lija anali asanasekepo. Fundiyo anafika kumzikiti nthawi yake.

Tinalumikiza Loweruka m'mawa, kutawala bwino. Mwanayo ndiye anali mwini ntchito, ndipo anakonza malo mosamala moti ine, amene anthu amati ndine wovuta, ndinaona kuti magazi sanama. Anachotsa mkeka wa pulasitiki pabalaza, panatsala simenti yokha. Anachotsa nsalu ya patebulo lathu la mlombwa, panatsala thabwa lomwe lija amayi ake ankaliona ngati losayenera. Anavala malaya ndi chitenje cha thonje, ine n'kundiuza kuti ndivule juzi ngakhale kunali kachisanu. Anamangirira m'bokosi lachitsulo chipangizo cholandira magetsi, nalowetsa pulagi yake m'soketi, koma swichi ya pakhoma ndi ya pachipangizocho anazisiya zozimitsa. Anafotokoza kuti potero moto sulowa, koma waya wa ethi amakhalabe wolumikizidwa, ndipo bokosilo limakhala logwirana ndi chitsulo chija cha kuseri kwa bafa. Atatero anavala chibangili, napanikiza kapani kake pamalo a bokosi opanda penti.

Popeza chibangili chinali chimodzi, ine ndinapereka nzeru yoti ndidzikulunge pamkono waya wotsala wa fundi uja.

"Ayi, ababa. M'chingwe ichi muli kachipangizo kochepetsa mphamvu. Magetsi obisala amadutsa, koma mutagunda moto weniweni mwangozi, kamakutetezani. Waya wamba angakusandutseni inuyo ethi ya nyumba."

Ndinausiya wayayo. Ntchito yanga inakhala yowerenga kabuku mokweza, ndime ndi ndime, ndi kusunga timasikuluwu m'sosala. Ndisanampatsire chinthu chilichonse ndinkayamba ndakhudza chitsulo cha bokosi. Poyamba ndinkaiwala, iye n'kumangoti "Bokosi, ababa," osatukula maso. Pofika pakati ndinali nditazolowera moti ndinakhudza bokosilo ndisananyamule kapu yanga ya tiyi.

Chipangizo chilichonse chinkatuluka m'thumba mwake nthawi yake ikakwana, osati isanakwane. Anaika purosesa, kachipangizo kamene kamaganiza m'malo mwa makina onse, atakagwira m'mbali, osakhudza kunsi kwake. Anaika ramu ziwiri, timatabwa tatitali tosunga zimene kompyuta ikuchita pa nthawiyo, iliyonse inalira kuti "tha" polowa. Anagoneka bolodi lalikulu m'bokosi, ine n'kumapereka timasikuluwu kamodzikamodzi.

Nthawi yonseyi amayi ake anali m'chipinda chosokera, chitseko chili chotsegula. Anali ndi mayunifolomu a ana a sukulu oyembekeza kusokedwa, koma makina sanalire ngakhale kamodzi.

Chakumapeto panatsala timawaya tating'onoting'ono tochokera kubatani loyatsira ndi kutimagetsi ta kutsogolo, toyenera kuvekedwa pa timano toonda ngati singano, tothithikana pangodya ya bolodi. Mwanayo anayesa katatu. Ulendo uliwonse anaphonya, chonsecho batani limenelo ndilo linali kudzanena ngati akhala kapena apita. Ine maso anga sakanatha. Anaweramira m'bokosimo kanthawi, kenaka anaitana.

"Amama, tabwerani mundithandize."

"Ine ayi, mwanangu. Manja anga ndi amene anaononga."

"Palibe amene wanena kuti zaonongeka. Bwerani. Inu mumalowetsa ulusi pasingano osayang'ana n'komwe."

"Nanga moto uja wa m'thupi?"

"Mukavala ichi, manja anu ndi anga n'chimodzimodzi."

Anabwera pang'onopang'ono. Anavula juzi okha, wina asanawauze, naiponya kutali kukhonde ngati ili ndi nsikidzi. Mwanayo anavula chibangili, nawaveka amayi ake, naonetsetsa kuti kachitsulo kagona pakhungu. Ine ndinkawerenga m'kabuku kuti kawaya kakuti kapite pa timano takuti, mwanayo n'kumaloza ndi chala chili patali, ndipo akazi anga anaveka timawaya tonse, kamodzikamodzi, osaphonya, milomo ataifinya monga amachitira posoka kolala. Pa nthawi imeneyo kholo lina linabwera kudzafunsa za yunifolomu ya mwana wake, ndipo linaona pawindo munthu wamkulu atamangidwa chingwe kubokosi. Kuti nkhaniyo inasanduka bwanji kukhala ya ine, sindidziwa. Mwina imakoma kwambiri ikakhala ya mphunzitsi wopuma.

Titatha, mwanayo analumikiza sikirini, nayatsa swichi ya pakhoma ndi ya kumbuyo kwa bokosi. Anapukuta manja pachitenje, nadina batani.

Fani inazungulira. Kamagetsi kakang'ono kanayaka. Sikirini inakhala yakuda bii. Kenaka m'bokosimo munatuluka kulira kotsatizana, kobwerezabwereza, ngati mwanapiye wosokera.

Akazi anga anaimirira, natuluka panja. Ndinawaona pawindo ataima pafupi ndi nthochi zija, manja atawapinda pachifuwa. Maso a mwanayo anali pasikirini yakudayo. Ndinkadziwa chimene onse awiri ankaona: galimoto ya kumapeto kwa mwezi.

Ine ndinachita chinthu chokhacho chimene ndimadziwa. Ndinatsegula kabuku kumasamba akumapeto, amene anthu sawerenga, ndipo ndinapeza ndandanda yofotokoza tanthauzo la kulira kulikonse. Ndinamvetsera, ndinawerenga kulirako ndi chala, ndinayerekeza kawiri kuti ndisaname.

"Mwanawe, apa akuti kulira kotere ndi kwa ramu. Sakunena za bolodi."

Anandilanda kabukuko, nawerenga yekha. Ndinayembekeza kuti alowetsa manja m'bokosi nthawi yomweyo, koma sanatero, ndipo ichi ndimachikumbukira kuposa zina zonse. Anazimitsa swichi zonse ziwiri. Anadina batani kuti moto wotsalira uthe. Anavala chibangili, nayang'ana kapani ngati kagwira. Pokhapo ndi pamene anakhudza ramu. Anazichotsa zonse, nazibwezeretsa mwamphamvu, nayatsa. Kulira komweko. Anazimitsanso, nabwereza mwambo wonse uja osadumpha kalikonse, nachotsa imodzi, naiika m'thumba mwake. Anayatsa. Kulira komweko. Anazimitsanso kachitatu, nasinthanitsa: imene inali m'thumba inalowa, imene inali m'bokosi inatuluka.

Bokosilo linalira kamodzi kokha, mwachidule. Pasikirini panaoneka zilembo zoyera.

"Amama!" anafuula. "Yadzuka! Bwerani, yadzuka!"

Akazi anga analowa akuthamanga, chinthu chimene ndinali ndisanachione kwa zaka zambiri. Anayang'ana zilembozo, zimene sakanatha kuziwerenga, nakhala pansi pasimenti, nayamba kuseka ndi kulira pamodzi, akulankhula Chiyao chothamanga chimene ngakhale ine, patatha zaka zonsezi, ndinangotolapo dzina la Mulungu.

Mwanayo anayesanso ramu inayo m'malo onse awiri, ndipo inakana ponseponse. Inali yakufa. Anati kompyuta itha kugwira ntchito ndi imodzi, ingokhala yochedwerako pang'ono, ndipo pa ntchito yolemba makalata palibe amene angazindikire. Masana omwewo anaimbira foni mwini galimoto kuti mpando uja aupereke kwa wina.

Tikubwezera mkeka pabalaza, amayi ake anafunsa funso limene ndinkaliyembekeza.

"Yakufayo, ndi bulangete lija?"

Mwanayo, amene sadziwa kukometsa mawu, anati palibe angadziwe: mwina ndi bulangete, mwina inachoka ku Joni ili yakufa kale, mwina inavulala panjira. Ine ndinalowererapo ndi mawu a mphunzitsi, aja osalola funso lina. Ndinati ulendo wochokera ku Joni ndi wa masiku, misewu yake ndi ya mabampu, ndipo n'zoonekeratu kuti chinthucho chinafera panjira. Akazi anga anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwatero inu ophunzira," n'kupita kukayatsa makina awo osokera.

Popeza ndinayamba ndi kuwongola ena, ndidziwongolenso ndekha. Sindidziwa chimene chinapha ramu ija. Ndinalankhula motsimikiza chinthu chimene sindinkachidziwa, ndipo sindinabwezepo mawuwo. Ndikukayikanso ngati akazi anga anandikhulupirira. Ramuyo amaisunga mpaka lero m'kabati ya makina awo, ili m'thumba lake lotuwa, ndipo akafuna kuisuntha kuti atenge ulusi amayamba akhudza mwendo wachitsulo wa makinawo, ngakhale mwana wawo anawauza kuti chakufa sichipsanso.

Kachipinda ka pa boma kaja kanatsegulidwa mwezi wotsatira, fundi atakayezanso masoketi ake. Kumabwera ofuna ntchito, ogulitsa nsomba ofuna makalata a ku maofesi, ndi aphunzitsi odzasindikiza mayeso. Mwanayo amabwera kunyumba pa kabaza masana aliwonse kudzadya nafe. Kawiri pa sabata ndimapita kukakhala pampando wa pangodya, ndipo amandilola kuwongola Chichewa cha m'makalata pokhapokha mwini kalata akavomera. Ambiri amavomera. Bulangete timafunda m'nyengo ya mwera, ndipo limathethekabe. Patapata uja anachoka pambali pa firiji, ali kubafa.

Kwa amene akupitiriza kunena za thumba lathunthu la mchere, nazi zimene zinalowa pa ntchitoyi, pa mitengo ya nthawi imeneyo:

Chitsulo chokutidwa ndi mkuwa, pamodzi ndi kapani kake: K18,000

Waya wochindikala wa ethi: K12,000

Mchere, mapaketi awiri: K1,600

Makala, ndowa imodzi yaing'ono: K2,000

Kabaza, kupita ndi kubwera: K1,500

Ntchito ya fundi: K10,000, ndi kapu ya tiyi imene anaimwa ali chiimire

Zipangizo za kompyuta, chibangili ndi bulangete: anagula mwana wanga wa ku Joni, ndipo anakana kutchula mtengo

Ramu imodzi: yakufa